Kupala Moto kwa Anansi: Makompyuta, Chichewa ndi Nkhani ya Chilolezo

Mlimi wa ku Nachisaka muno m'Dowa akanena kuti mtedza wake wagwidwa khate, mlangizi safunsa kawiri. Amadziwiratu chimene akachipeze kumunda: masamba achikasu okwinyika, mbewu yopinimbira yongounjikana ngati kachitsamba, pansi popanda choti n'kukumba. Amadziwanso kuti matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, n'chifukwa chake malangizo ake sasintha chaka ndi chaka: dzalani ndi mvula yoyamba, mapando asatalikirane. Koma mawu omwewo akamveka pa gome m'tchalitchi cha ku Kongwe Lamulungu m'mawa, palibe amene angaganize za mtedza. Onse aona Namani akutsikira mu Yordano. Munthu wokulira kuno sasokoneza ziwirizi. Sasokonezanso kaufiti, kaudzu kamaluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga, ndi ufiti umene anthu amanenezana pabwalo la mfumu.

Masiku ano tikufuna kuti nayo kompyuta izitha kusiyanitsa zimenezi. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa pulogalamu yotchedwa Ulangizi, imene imayankha mafunso a ulimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mayankho imawatenga m'buku la malangizo la unduna wa zamalimidwe. Kudera ngati Nachisaka, kumene mlangizi mmodzi amakwera ndi kutsika mapiri kuti afikire midzi yambirimbiri, chinthu chotere n'chothandiza zedi. Koma kuti pulogalamu iliyonse yotere imve funso la mlimi, iyenera kukhala itaphunzira Chichewa penapake. Yaphunzira kuti? Kwa yani? Nanga mwini mawuwo anavomera?

Kompyuta ilibe agogo. Sinakhalepo pamoto madzulo kumvera nthano, sinagonepo pasiwa, sinatumidwepo kuchigayo. Njira yake yophunzirira chilankhulo ndi imodzi yokha: kuwerenga mulu waukulu wa zolembedwa ndi kumvera mawu ojambulidwa. Ntchitoyi pa Chingerezi amaitcha text and data mining, kutanthauza kufukula zobisika m'mulu wa zolemba. Kapulogalamu kamayendayenda pa intaneti, kutsegula tsamba ili ndi ilo n'kumakopera zonse zili pamenepo. Zokopedwazo amazipeta ngati mphale, kuchotsa zotsatsa malonda ndi zinyalala zina, kenako amazidula m'ziganizo, ziganizozo n'kuzidulanso m'tizidutswa. Zikatero kuwerengera kumayamba: mawu awa amakonda kuyenda ndi ati, amatsogozana ndi ati, amapezeka kangati.

Ikakumana ndi "mtengo wa soya wakwera" kambirimbiri, pafupi ndi mawu ngati mavenda, sikelo ndi kwacha, komanso "mwana wakwera mtengo" pafupi ndi mango ndi nthambi, imayamba kuzindikira kuti mitengoyi ndi iwiri. Chichewa chimafuna zitsanzo zochuluka chifukwa chimamanga chiganizo chonse m'mawu amodzi. Tikadzakolola, sitinakololebe, akanatikololera, musakololenso: onsewa ndi ana a tsinde limodzi, koma kompyuta imene yawerenga zochepa imawaona ngati alendo anayi osadziwana.

Apa ndiye pagona nkhani ya malamulo. Maso a munthu akamawerenga sasiya kope lina pambali. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana nafeli, anabwereka buku lotchedwa Using Energy ku laibulale yaing'ono ya pasukulu, n'kuona chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo, n'kukapanga ake ndi zitsulo zotola ali ndi zaka 14. Palibe amene anamufunsa chilolezo, ndipo panalibe chifukwa, poti lamulo limateteza kalembedwe ka buku, osati nzeru imene munthu watolamo. Kompyuta nayo imafuna nzeru yokhayo. Koma kuti iwerenge iyenera kukopera kaye, ndipo kukopera ndiko kumene lamulo linakuika m'manja mwa mwini ntchito.

Lamulo lathu la umwini wa zolemba ndi zaluso ndi Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989. Bungwe loyang'anira ndi COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, patangopita chaka dziko lino litalowa m'pangano la mayiko la Berne la umwini wa zolemba mu 1991. Ntchito imatetezedwa kuyambira tsiku limene yalembedwa, ngakhale mwini wake sanakailembetse kulikonse, ndipo chitetezocho chimakhalapo moyo wonse wa mlembi ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Nkhani ya m'nyuzipepala, ulaliki wosindikizidwa, sewero la pa wailesi, chithunzi chojambulidwa pa foni: zonsezi zili ndi eni. Kuti chinthu chili poyera pa intaneti sikutanthauza kuti n'chopanda mwini, monga mmene mbuzi yodya m'mbali mwa msewu wa ku Ntchisi siikhala ya aliyense wodutsa.

Lamuloli lili ndi zipata zimene linasiya chosatseka. Munthu atha kukopera pang'ono kuti agwiritse ntchito payekha, atha kubwereza mawu a wina m'nkhani yake bola atchule mwini, mphunzitsi ndi laibulale ali ndi mpata wawo, ndipo anthu osaona analingaliridwa. Koma mukasanthula zipatazi simupezapo chimene chinalembedwa kuti makina owerenga adzere apa. Lamulo silinena kuti inde, silinenanso kuti ayi mwachindunji. Lili chete, ndipo lamulo likakhala chete pa nkhani ya kukopera, woweruza amabwerera ku mfundo yoyamba ija, yoti mwini ndiye wopereka chilolezo.

Chete ameneyu sapweteka onse mofanana. Kampani yaikulu ya kunja imakopera intaneti yonse ili kwawo, pansi pa malamulo a kwawo, ili ndi maloya okwanira kudzaza basi, ndipo zimene yakopera siziulula. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo Meta inaika Chinyanja m'gulu la zilankhulo 200 za makina ake omasulira mu 2022. Amene amapunthwa ndi wamng'ono wochita zinthu poyera. Pali anthu amene amapanga mapulogalamu mwa njira yotchedwa open source: zonse zimene apanga amaziyala pabwalo kuti aliyense aone mmene zapangidwira, akonze polakwika, atenge n'kukamangirapo zake osalipira. Munthu wotere sangabise kumene watenga mawu, chifukwa kuulula gwero ndiwo mwambo wa ntchito yake. Ndiye amakhala ndi zitseko ziwiri zoti agogode. Choyamba n'chopempha kuti akopere ndi kuwerengetsa makina. Chachiwiri, chomwe n'cholemera kwambiri, n'chopempha kuti mulu wa ziganizo umene wasonkhanitsa augawire anzake.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Nachisaka amene akuphunzira za makompyuta ku MUBAS kapena za ulimi ku Bunda, ndipo akufuna kuti kompyuta imve Chichewa cha kwawo. Angalakelake atayamba ndi mabuku a Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene analemba Nthondo mu 1933, kenako Mbiri ya Achewa, komanso mbiri ya mfumu Msyamboza wa ku Chibanzi muno m'Dowa. M'mabuku amenewo muli Chichewa cha m'mapiri ano. Koma apemphe kwa yani? Kwa ana ndi adzukulu a mlembi? Kwa amene anasindikiza, ngati akadalipo? Akamaliza apo, ayambirenso chimodzimodzi ndi buku lachiwiri, lachitatu, mpaka mazana. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma wofunsa khomo lililonse la mabuku chikwi adzamaliza sukulu asanayambe ntchito.

Nkhokwe imodzi inatsekedwa, ina inatsegulidwa

Vuto lotere la chilolezo linachitikadi, ndipo Chichewa chinali momwemo. Mu 2019 akatswiri awiri, Željko Agić ndi Ivan Vulić, anasonkhanitsa ziganizo zochokera pa tsamba la intaneti la Mboni za Yehova n'kuzilumikiza chilankhulo ndi chilankhulo, chiganizo cha Chingerezi apa, chinzake cha Chichewa apo, m'zilankhulo zoposa 300. Nkhokweyo anaitcha JW300, ndipo inaikidwa pa OPUS, malo a pa intaneti amene amasunga zomasulira zoti ofufuza azigwiritsa ntchito. Chaka chomwecho kunadzuka gulu la Masakhane, dzina la Chizulu lotanthauza kuti timange pamodzi. Ndi achinyamata ndi aphunzitsi a m'mayiko ambiri a mu Africa amene anagwirizana kuti makina omasulira zilankhulo zawo apange okha, poyera, mosalipiritsa. Kwa iwo JW300 inali ngati mvula yoyamba, chifukwa zilankhulo zambiri za kuno zinalibe mulu wina wa zomasulira waukulu chotero.

Sizodabwitsa kuti Chichewa chinali chochuluka m'nkhokwe imeneyo. Mboni za Yehova zakhala zikumasulira m'chilankhulochi kwa zaka zambiri, ndipo Nsanja ya Olonda ndi magazini imene anthu ambiri anaionapo ngakhale sali a chipembedzocho. Ntchitoyo anaigwira movutika: boma la Kamuzu Banda linawaletsa mu 1967, ambiri anazunzidwa, ena anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Patapita nthawi a Masakhane anaunika bwino za umwini wa zolembazo, mothandizidwa ndi akatswiri a malamulo a CIPIT ku Strathmore University mu Nairobi, ndipo anapeza kuti malamulo a tsambalo salola kukopera kotere. Anachita chimene munthu waulemu amachita: analemba kalata yopempha. Yankho linali lokana. Iwo anasiya kuigwiritsa ntchito, ndipo JW300 inachotsedwa pa OPUS.

Sindikuwaimba mlandu eni zolembazo. Anthu amene anazunzikira mabuku awo ali ndi chifukwa chowasamalira, ndipo mpingo uliwonse umaopa kuti mawu ake opatulika angapotozedwe. Anakana m'malire a ufulu wawo. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti tsogolo la zilankhulo mazana pa kompyuta linapezeka kuti lagona pa kalata imodzi, ndipo amene analuza ndi okhawo amene anafunsa.

Nkhokwe ina inayenda njira yosiyana. Bungwe la Biblica linatulutsa mabaibulo ake angapo, kuphatikizapo la Chichewa cha lero, pansi pa laisensi ya Creative Commons yotchedwa BY-SA. Laisensi imeneyi ndi chilolezo cholembedweratu, chopatsidwa kwa aliyense nthawi imodzi. Imati tenga, kopera, sintha, ngakhale kuchita nazo malonda, koma utchule mwini, ndipo chimene wapanga kuchokera pamenepo uchipereke kwa ena mwa njira yomweyo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuikiza, ndipo laisensiyi inangoika mwambi umenewo m'chilankhulo cha maloya. Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 2022 ofufuza, ambiri a iwo a Masakhane omwewo, anatenga mawu ojambulidwa a mabaibulowo n'kupanga nkhokwe yotchedwa BibleTTS ya zilankhulo khumi za mu Africa, Chichewa chili pamndandanda, yophunzitsira kompyuta kuyankhula mokweza. Panalibe kalata yolemba, panalibe kudikira.

Komabe Baibulo limadziwa khate la Namani lokha. Mulibemo anankafumbwe, mulibe chuku cha mtedza, mulibe makuponi, kabaza kapena banki m'khonde. Kompyuta yoleredwa ndi Baibulo lokha imayankhula ngati mlaliki ngakhale waifunsa za feteleza wobereketsa. N'chifukwa chake ntchito imene Dr Amelia Taylor wa ku Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, anatsogolera inali yofunika. Iye ndi anzake anasonkhanitsa nkhani za Chichewa zochokera ku nyuzipepala ya Nation, ku Radio Maria ndi ku MBC, n'kuzigawa m'magulu, ndipo mu 2021 nkhokweyo inagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa pa tsamba la intaneti la Zindi wophunzitsa kompyuta kuzindikira mutu wa nkhani. Mayina a magulu ake okha akusonyeza kuti anawasankha ndi anthu odziwa dziko lino: pambali pa ndale, ulimi ndi zaumoyo panali gulu la mafumu, la kusefukira kwa madzi, ndi la ufiti. Ku Lusaka, Claytone Sikasote ndi anzake a University of Zambia anatulutsa Zambezi Voice mu 2023, ya mawu oyankhulidwa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Zonsezi n'zabwino, koma poyerekeza ndi njala imene ilipo ndi ufa wa m'kambale. Wikipedia ya Chichewa, imene aliyense ali ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, ili ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000, pamene ya Chingerezi ili ndi mamiliyoni.

Mmene mayiko ena anachitira

Japan ndiyo inayamba. Mu 2009 inaika m'lamulo lake chipata cha makina osanthula zolemba, ndipo mu 2018 inachikulitsa. Maganizo awo ndi osavuta kumva: buku linalembedwa kuti munthu asangalale nalo kapena aphunzirepo, ndiye amene akulikopera kuti angowerengera mawu, osati kulimva kukoma, sakulanda mwini chimene amagulitsa, bola asamupweteke mopitirira muyeso. Britain inatsatira mu 2014, koma chipata chake n'chopapatiza: n'cha kafukufuku wosafuna phindu, wofufuzayo akhale atapeza zolembazo movomerezeka, ndipo kope limene wapanga saloledwa kupatsa munthu wina. Kwa gulu lochita zinthu poyera, chitseko chachiwiri chija chimakhalabe chotseka. Singapore inatsegula chake mu 2021.

Mayiko a European Union anagwirizana lamulo lawo mu 2019, ndipo anaika zipata ziwiri. Chimodzi n'cha mayunivesite, mabungwe a kafukufuku, malaibulale ndi nyumba zosungira zakale. Amenewa mwini zolemba sangawaletse. Chinacho n'cha aliyense, ngakhale wamalonda, koma mwini ali ndi ufulu woika chizindikiro pa tsamba lake chimene makina atha kuwerenga, chonena kuti pano musakunkhe. Funso limene linatsala ndi la anthu ongodzipereka amene si yunivesite komanso si kampani. Iwowa adzere chipata chiti?

Yankho loyamba linachokera ku Hamburg. Bungwe losafuna phindu la LAION linapanga nkhokwe yaikulu yolumikiza zithunzi ndi mawu ozifotokoza, n'kuipereka ulere kwa onse. Wojambula zithunzi Robert Kneschke anapeza kuti chithunzi chake chinakopedwa pa ntchitoyo ndipo anasumira bungwelo. Mu Sepitembala 2024 khoti linagamula kuti LAION sinalakwe, chifukwa kupanga nkhokwe yotere n'kuipereka kwa ofufuza onse popanda malipiro ndi gawo la kafukufuku wa sayansi. Pali kanthu kena koyenera kukaona bwino pa mlanduwu. LAION sigawa zithunzizo. Imazikopera kuti izipime, kenako chimene imafalitsa ndi mndandanda wa maadiresi a kumene zithunzizo zili, pamodzi ndi mawu ozifotokoza. Ikulozera njira ya kuchitsime, siikutungira madzi a mwini m'ndowa yake. Magulu ambiri ochita zinthu poyera amazemba chitseko chachiwiri mwa njira imeneyi, ngakhale kuti tsamba likafa pa intaneti, adiresi imangotsala yolozera kubwinja.

Ku United States kulibe chipata cholembedwa. Oweruza amapima mlandu uliwonse ndi muyeso wotchedwa fair use. Mu 2015 khoti linalola Google kujambula mabuku mamiliyoni kuti anthu azitha kufufuzamo mawu. Mu Juni 2025 woweruza William Alsup, pa mlandu wa alembi ndi kampani ya Anthropic, anati kuphunzitsa makina ndi mabuku n'kololedwa, koma kusunga mabuku otengedwa pa masamba akuba n'kulakwa, ndipo kampaniyo inavomera kulipira madola 1.5 biliyoni. Njira imene walowera m'munda imawerengedwa payokha. Ku South Africa nkhondo ya nkhaniyi yatenga zaka: bilu yobweretsa fair use inadutsa ku nyumba ya malamulo, koma mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitumiza ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko m'malo moisayina.

Moto wa kwa anansi ndi moto wa kudambwe

Machesi asanachuluke, moto ukazima pakhomo mayi ankatuma mwana ndi phale kuti akapale kwa anansi. Mwanayo ankaima pakhomo n'kunena odi, ankapatsidwa makala awiri atatu, n'kuthamanga nawo akuuzira. Wopatsayo sankataya kanthu. Nkhali yake inkapitiriza kuwira. Panalibe malipiro, koma panali ngongole yosalembedwa, yoti tsiku limene wake udzazime nayenso adzatuma mwana. Ndikamaganiza za kompyuta yowerenga nkhani za m'Tamvani kapena m'Tikambe kuti iphunzire kuti akanatikololera ndi mwana wa kukolola, ndimaona mwana uja ndi phale lake. Mtolankhani amene analemba nkhaniyo sanalandidwe chiganizo n'chimodzi chomwe.

Koma fanizoli lili ndi polekezera, ndipo alembi akamadandaula tisawatseke pakamwa. Munthu akapala moto wako n'kukayatsira chiwaya pafupi ndi chako, n'kukokera makasitomala ako onse kwa iye, sitinganenenso kuti sunataye kanthu. Pulogalamu imene yawerenga nyuzipepala n'kumauza anthu nkhani zonse za lero m'mawu ake, mpaka anthu kuleka kugula nyuzipepalayo, yadutsa pa kuphunzira chilankhulo n'kufika pa kulanda msika. Ndiwo mtima wa mlandu umene New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft mu Disembala 2023. Kuno, kumene mlembi wa buku la Chichewa amapeza zochepa kale, ndipo woimba amadikira ndalama zimene COSOMA imagawa kuchokera pa msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, mantha amenewa ndi enieni. Wophunzira amene akupanga dikishonale yaulere ndi kampani yogulitsa mayankho onse awiri amakopera, koma sayenera kuyezedwa ndi sikelo imodzi.

Ndiye pali moto wina umene mwana wa m'mapiri ano amadziwa kuti supalidwa. Tikati munthu wapala moto kudambwe, timatanthauza kuti wadziputira mavuto aakulu. Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Lero gule akatuluka pamaliro kapena pa chiliza, mafoni amakhala m'mwamba, ndipo pofika madzulo nyimbo ndi magule zili pa Facebook, YouTube ndi TikTok. Kapulogalamu koyendayenda kaja sikadziwa kusiyanitsa zimene zimaimbidwa pabwalo kuti onse amve ndi zimene wina wajambula mobisa kumalo osafika munthu wosameta. Kwa iko zonse ndi mawu a Chichewa, ndipo n'zosowa, ndiye n'zamtengo wapatali.

Pa zinthu za makolo lamulo lathu linayankhulapo. Nthano, nyimbo, magule ndi miyambi zimene mlembi wake sadziwika, umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a dziko lino, ndipo sutha ndi zaka. Wofuna kuchita nazo malonda kunja kwa mwambo wake ayenera kupeza chilolezo. Koma chikalata chodindidwa ku Lilongwe sichingalowe m'malo mwa mawu a mwini mzinda ndi akuluakulu a kudambwe. Amaori a ku New Zealand anafika pa mfundo yomweyi. Wailesi yawo ya Te Hiku Media inasonkhanitsa mawu a anthu ake, n'kupanga makina omva chilankhulo chawo, koma inakana kungowayala kuti aliyense atole. Inalemba laisensi yakeyake yonena kuti iwo ndi osunga mawuwo, ndipo wowagwiritsa ntchito alemekeze mwambo wawo ndi kubweza phindu kwa eni. Mu Africa muno akatswiri a malamulo a ku Pretoria ndi ku Nairobi analemba laisensi yotchedwa Nwulite Obodo, imene imapepukitsa njira kwa ofufuza a kuno koma n'kufuna kuti olemera a kunja abwezeko kanthu. Palinso lamulo lathu la 2024 loteteza zinsinsi za munthu, limene MACRA imayang'anira. Mawu a mayi wojambulidwa akufotokoza matenda a mwana wake ndi ake mayiyo, ndipo laisensi ya mtundu uliwonse siingawasandutse a aliyense iye asanavomere.

Chimene ndikufuna kuona m'lamulo la 2016 ndi ndime yaifupi yonena poyera kuti munthu kapena gulu, kaya ali pa yunivesite kaya ayi, amene wapeza zolemba movomerezeka ndipo sakufuna phindu, atha kuzikopera kuti makina aziwerenge, atha kusunga kopelo, ndipo atha kugawana ndi ofufuza anzake ziganizo zodulidwa, atatchula kumene zachokera. Mawu oti kaya ali pa yunivesite kaya ayi ndi ofunika kwambiri, chifukwa achinyamata ambiri amene akuphunzira kupanga mapulogalamu, ngakhale ku Dzaleka muno m'Dowa, alibe chidindo cha yunivesite iliyonse. Wofuna malonda akhale ndi khomo limodzi logogoda. COSOMA imapereka kale malaisensi a kufotokopa mabuku m'masukulu m'malo mwa alembi ambiri nthawi imodzi, ndipo njira yomweyo itha kugwira ntchito pano, ndalama n'kumafika kwa alembi. Zakudambwe ndi mawu a anthu wamba zikhale kunja kwa ndimeyo, eni ake azifunsidwa pamaso.

Kusintha lamulo kumatenga zaka, koma pali nkhokwe imodzi imene ingatsegulidwe nyumba ya malamulo isanakumane n'komwe. Boma lenilenilo ndi mlembi wamkulu wa Chichewa. Nyuzipepala ya Boma Lathu, magazini ya alimi ya Za Achikumbi, timapepala ta malangizo timene alangizi amanyamula popita kumidzi, mauthenga a zaumoyo, mapulogalamu a ulimi a pa wailesi: zonsezi zinalembedwa ndi ndalama za msonkho, ndipo zinalembedwera kuti zifalikire. M'menemo ndi mmene muli khate la mtedza, kaufiti, anankafumbwe ndi ntchemberezandonda, m'ziganizo zolembedwa ndi anthu amene anapondadi m'mizere. Mtsikana uja wa ku Nachisaka akanakhala ndi zimenezi, akanayamba ntchito sabata ino, n'kupita ndi foni yake ku ofesi ya ulimi ya kwawo kukajambula mafunso a alimi ovomera, kuti awonjezere mawu apakamwa pa olembedwa. Chimene chikufunika ndi kalata ya unduna yonena kuti zofalitsa zake za Chichewa, zakale ndi zatsopano, zili pansi pa laisensi ngati ija ya Biblica. Kalata yotere ingakwane tsamba limodzi, ndipo woisayina ali ku Capital Hill, ulendo wa maola ochepa kuchokera ku Nachisaka.